Chofiira cha Pansi pa Dothi

2 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, ndipo mawondo aja akukulolani kufika kutchalitchi. Moni kwa amalume, amene ndikudziwa kuti ndiwo akukuwerengerani mawuwa, ndiponso kwa mlongo wanga. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito ya udindo imadya munthu. Pahotela pano mapoto makumi anayi onse ali m'manja mwanga, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene limakwera pamoto ine ndisanaliyendere.

Nkhani ndi iyi. Pa 20 Juni tili ndi phwando la madokotala a mano ochokera m'mayiko osiyanasiyana, anthu mazana atatu. Anthu oterewa sadya chisawawa. Pambali pa mbale iliyonse pamafunika kambewu kena kamene mlimi wathu wasiya kulima, poti munda wake anaugulitsa kwa omanga malo omwetsera mafuta. Pamsonkhano wa akuluakulu ine ndinanena kuti kwathu tili ndi dimba la madzi osaphwa, ndipo mlongo wanga chimene wabzala sichikana. Onse anaomba m'manja.

Njere zake zili m'kabotolo ka khofi kamene ndapatsira adalaivala a lole ya kabichi. Zifesedwe m'mizere, osazamitsa, ndipo zizithiriridwa m'mawa ndi madzulo. Sizichedwa ngati chinangwa ayi, milungu isanu zakhwima. Masamba ake amafanana ndi mpiru. Chofiira chimene chimakhala pansi pa dothicho ndi radish. Ndikufuna madengu awiri odzaza, otsukidwa bwino, afike kuno pa 19.

Magalasi amene amalume anapempha sindinaiwale. Ndikudikira kuti odziwa za maso adzandipeze ku ofesi.

Ndine mwana wanu woyamba


2 Meyi, kudzera kwa adalaivala

Mlongo wanga,

Kapepala aka ukawerengere kudimba, ukatha ukayatsire moto. Amalume asakaone.

Zimene ndalembera amayi uchotsepo theka. Msonkhano wa akuluakulu unalipodi, koma ine ndinali kuseri kwa chitseko ndi ndowa ya makoko a mbatata. Ntchito yanga ndi yotsuka mapoto. Zaka khumi ndi chimodzi ndili pasinki pomwepo. Chaka chimene bambo ankadwala ndinanama kuti andikweza kukhala wophika wamkulu, kuti apite mtima uli m'malo, koma bodzalo linakana kulowa nawo m'manda. Chaka chilichonse limanenepa, ndipo amalidyetsa ndi amalume.

Wophika wamkulu weniweni timamutcha Chipewa, chifukwa cha chisoti chake chachitali chimene chimagunda pamwamba pa chitseko akamalowa. Ndinamumva akukalipa kuti mbewu ija yasowa mumzinda monse, ndiye pakamwa panga panangotseguka pokha. Anandiyang'ana kumaso koyamba chilowereni ntchito, n'kufunsa dzina langa. Wanena pamaso pa anthu kuti ndikabweretsa madengu awiriwo, malo a wophika masamba amene atseguke mwezi wamawa ndi anga, pamodzi ndi yunifolomu yoyera. Ndikalephera apatsa mlamu wake wa woyang'anira sitolo, munthu amene amapsereza ndi madzi omwe.

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zitatu, mlongo wanga, ndipo mwayi wotere subwera kawiri. Ndikufuna ndidzaime pamoto, bodza lija lisanduke zoona amayi akadali ndi moyo. Ndagwira mwendo wako.

Achimwene ako


11 Meyi

Achimwene,

Kuno tadzuka bwino, kaya inu ndi mapoto anu makumi anayi. Kapepala kaja ndinawerenga kawiri, kachitatu misozi inandilepheretsa. Kenako ndinayamba kuseka, mpaka mayi a dimba loyandikana ndi langa anabwera kudzafunsa ngati chandiluma chinthu. Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa mapoto anga akuda pansi pa bedi mukamabwera, kuopa kuti angaone a kuhotela. Mukanandiuza kale, bwenzi ndikumakusungirani.

Musadandaule. Ndazula anyezi m'mabedi asanu ndi limodzi a kumunsi, kumene dothi lake ndi lofewa. Anali asanakhwime, ndipo mtima unandipweteka powazula, koma chibale n'fupa. Ndinafesa Lachiwiri, pofika Loweruka zinali zitamera kale. Mbewu yopupuluma chonchi sindinaionepo. Amayi akuti yatengera mwini wake, amene anabadwa mwezi usanakwane.

Kalata yanu yaikulu ija amalume aiwerenga kale katatu, kwa amayi, kwa atelala, ndi kwa anthu amene ankangodzidutsira mumsewu. Amaima pakhonde atavala jekete limene ankavala ali ahedi, ndipo akafika poti "onse anaomba m'manja" amapuma kaye kuti omvera nawonso aombe. Atelala anaomba singano ili pakamwa. Koma pali malo amodzi pamene amafika n'kutsokomola, kuyandikitsa pepala kumaso, n'kupukusa mutu. Nditawafunsa anati ndi nkhani ya anthu a sukulu. Atulutsa dikishonale yawo ija, imene chiswe chinadya kuyambira pa P mpaka pa S, ndipo akhala nayo pakhonde masiku awiri.

Amayi akupempha mafuta opaka m'mawondo. Akuti munthu wa mapoto makumi anayi sangalephere kabotolo kamodzi. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Mlongo wanu


23 Meyi

Kwa mphwanga,

Ndalandira kalata yako ya pa 2 mwezi uno, ndipo ndaiwerenga ndi diso la munthu amene anaphunzitsa Chingerezi zaka makumi atatu ndi zinayi, khumi ndi ziwiri mwa izo ali mphunzitsi wamkulu. Ganizo ndi labwino. Ndime zagawidwa bwino. Kalembedwe ka dzanja sikanasinthe chichokereni m'kalasi mwanga, ndipo pamenepa sindikukuyamikira.

Ndapezamo cholakwa chimodzi chachikulu. Sindichitchula pano, chifukwa ndiwe bwana tsopano, ndipo kalata ya bwana imatsegulidwa ndi mlembi wake. Sindikufuna kuti mlembi adziwe kuti amene amamulamula akadali ndi nthenda imene rula yanga inalephera kuchiza. Ndachikonza mwakachetechete ndi cholembera chofiira, ndipo malangizo ako atsatidwa monga mmene unkafunira kunena, osati monga mmene unalembera. Imeneyo ndiyo ntchito ya malume.

Mbewu ikukula bwino pansi pa uyang'aniro wanga. Ndimapitako tsiku lililonse cha m'ma teni, mlongo wako atatha kuthirira, kukaona ngati wathirira. Ndi mwana wakhama, koma amayankha msanga.

Ndadziwitsa abusa, mkulu wa positi ndi wa sitolo ya mbewu kuti banja lathu likudyetsa madokotala a mayiko. Wa sitolo ya mbewuyo anapempha kuti aone njere ndi kalata yomwe, akuti mwina angathandize. Ndinamukaniza. Munthu amene anathawa sukulu ali folomu wanu alibe choti angandiuze, ndiponso nsanje m'dera lino ilipo yambiri.

Za magalasi, usatenge a pulasitiki. Nkhope yanga imayenera a waya.

Ine malume wako,
Mphunzitsi Wamkulu (wopuma)


31 Meyi

Olemekezeka Amalume,

Yanu ndailandira ndi manja awiri. Zikomo pondisungira ulemu pamaso pa mlembi wanga, amene pakadali pano ali patchuthi chachitali. Cholakwacho sindikufunsa n'komwe, poti chimene inu mwakonza chakonzeka.

Ntchito yachuluka kwambiri moti ndikulemba chiimire. Mlongo wanga azikumverani pa chilichonse, chifukwa iye amadziwa khasu koma inu mumadziwa mawu. Chachikulu madengu asachedwe.

Mphwanu


5 Juni, kudzera kwa adalaivala

Achimwene,

Moni ndipereka pomaliza, chifukwa nkhaniyi ndi yofulumira. Mundiyankhe ndi lole yobwerera.

Amalume aulula cholakwa chija. Akuti liwu limene munalemba, r-a-d-i-s-h, m'Chingerezi mulibe. Akuti kuyambira sitandade wanu mumatembenuza b kukhala d, moti munatha chaka chathunthu mukulemba "damdo" m'malo mwa "bambo". Ndiye akuti munkafuna kulemba rubbish, rabishi yomweyi imene timaidziwa tonse, zinyalala. Chiganizo chanu akuchiwerenga chonchi: masamba ake amafanana ndi mpiru, chofiira cha pansi pa dothicho ndi rabishi. Kutanthauza kuti madokotala akufuna masamba, zofiirazo n'zotaya.

Ine ndinatsutsa. Ndinati munthu sangatumize njere ulendo wonsewu kuti tidzamulimire mpiru, ngati kuti mumzinda mpiru unatha. Amalume anafunsa kuti pakati pa ine ndi iwo anakhoza mayeso a boma ndani. Amayi anati ndisamayankhe alongo awo ngati ndikuyankha wogula tomato. Tili mkati mokangana, kalata yanu yoti ndiziwamvera pa chilichonse inafika, ndipo pano aikhoma ndi msomali pachitseko cha kabati.

Ndiye ndinazula chimodzi kuti pakamwa panga paweruze. Kunja n'chofiira psuu, mkati mwayera mbee, chokongola moti ungachiike pawindo. Nditaluma, achimwene, chinandikwera m'mphuno, misozi n'kutuluka. Ndinati mwina n'chifukwa choti n'chachiwisi, ndiye ndinaphika zisanu ngati mbatata. Fungo lake linatulutsa amayi m'nyumba osagwira ndodo. Ndinapatsa galu, ananunkhiza n'kundiyang'ana ngati ndamulakwira. Masamba ndinaphikanso, ndi tomato ndi anyezi, ndipo ngakhale amakanda pakhosi pang'ono, amadyeka. Amalume anawonjezera kawiri.

Tsopano mutu wanga waima. Ngati n'zoona kuti anthu ophunzira amadya chinthu chimene galu wakana, ndiuzeni poyera, m'mawu amene ine ndi inu timayankhula. Safunsa anadya phula. Lole inyamuka pa 18 m'mawa, ndipo ndikapanda kumva kanthu ndilibe mphamvu zolimbana ndi dikishonale, amayi, ndi kalata yanu yapakabati.

Tonse tili bwino. Moni.

Mlongo wanu


18 Juni, yomangirira padengu

Mwana wanga,

Ndine mayi ako, akulemba ndi amalume ako. Landira madengu awiri monga unanenera, ndi lachitatu laling'ono loti udye wekha, poti anthu ophikira anzawo amaiwala pakamwa pawo. Masamba tinathyola dzulo madzulo, tatsuka katatu, tamanga m'timitolo, tawaza madzi. Mulibe ndi tsamba limodzi lomwe lodyedwa ndi mbozi. Ndinasankha ndekha nditakhala pampando.

Zofiira zija tadula zonse, sitinasiye ndi chimodzi chomwe choti chikakuchititse manyazi. Zinadzaza wilibala kanayi. Tinapatsa bambo woweta nkhumba wa kuseri kwa chigayo, ndipo akuti nkhumba zake zadya bwino, kungoti zikungogeya.

Mlongo wako wagwira ntchito, koma nkhope ili yokwinya, sindikudziwa chamulowa. Anafuna kubisa zofiira zingapo pansi pa dengu, mwamwayi amalume ako anamuona.

Ukaime bwino pamaso pa madokotalawo, usakaweramitse mutu ngati bambo ako. Ukapeza mpata uwafunseko za dzino langa lakumanzere, likugwedera.

Mayi ako

Mawu owonjezera a ine malume wako: usavutike kuthokoza. Mawu a akulu amakoma akagonera.


21 Juni

Mlongo wanga,

Kalata yako ya pa 5 ndinailandira pa 19, pamodzi ndi madengu. Lole inafa itangonyamuka kwathuko, inakhala kugalaja pafupifupi milungu iwiri kalatayo ili pansi pa mpando. Adalaivala anaitulutsa ili mafuta okhaokha, n'kunena kuti, "Pepani, koma ndikhulupirira munalibe zofulumira."

Sindinaiwerenge nthawi yomweyo, ndinali pa changu. Ndinanyamula ndekha madenguwo kulowa nawo kukhitchini, ophika onse atasiya mipeni. Ndinali nditavala malaya anga abwino. Chipewa anabwera manja ali kumbuyo, ine n'kuchotsa chiguduli chapamwamba. Anapisa dzanja mpaka m'chigongono, kufufuza uku ndi uku, n'kutulutsa mtolo umodzi. Anauyang'ana kumunsi, pamene munadula mwaluso ndi mpeni.

"Zili kuti?" anatero.

Ndinati mwina zili m'dengu linalo. Tinakhuthulira pansi onse atatu. Pamenepo m'pamene woyang'anira sitolo anaona kalata ya amayi, n'kuimasula, n'kuyamba kuwerenga mokweza. Anawerenga yonse, za anthu ophikira anzawo, za kuima pamaso pa madokotala, mpaka nkhumba zogeya. Anthu anaseka moti wina anakhala pansi m'masamba momwemo. Chipewa sanaseke. Anangoti, "Tola udzu wakowu, mapoto akudikira."

Madokotala adya ndi kaloti wodulidwa ngati maluwa, ndipo palibe wadandaula. Yunifolomu yoyera wavala mlamu uja. Manja ake amutalikira, wapinda kawiri. Ine pano akunditcha Wodyetsa Nkhumba, ndipo aliyense wobweretsa poto amageya kaye asanaliike pansi.

Uwauze amalume kuti b ndi d ndinasiya kusokoneza ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku limene anandithyolera rula pazala. Liwu lija ndinakopera pakatoni ya m'sitolo ya hotela, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili kunja. Moyo wanga wonse ndalemba liwu limodzi lachingerezi molondola, ndipo ndi limenelo akonza.

Kapena usawauze. Afunsa kuti bwana amakopera bwanji pakatoni.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti sanalakwe kwenikweni. Chinthucho amachisema ngati duwa n'kuchiika pambali pa nyama. Mbale zikabwerera kwa ine, duwalo limakhala lili pomwepo, ndipo ndine amene ndimalipalira m'bini. Zaka khumi ndi chimodzi sindinaonepo lolumidwa. Inenso sindinalaweko, kalata yako ndiyo yandiuza kuti chimawawa.

Usandilembere kaye. Ndakwiya, ndipo sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

Achimwene ako


29 Juni

Achimwene,

Mwati ndisalembe, koma ine si wantchito wanu, ndipo tsopano ndikudziwa kuti mulibe ndi mmodzi yemwe.

Ndalira, ndisakubisireni. Ndinakhala pansi pakati pa mabedi opanda kanthu aja n'kulira ngati pagwa maliro. Za malaya anu abwino zija ndiye zinandilasa. Koma misozi itauma mkwiyo unabwera, ndiye mundimvere. Mukanalemba kuti "ndikufuna zofiirazo, masamba mudye", bwenzi pano mutavala zoyera. Inu munafuna kuti amalume aone kuti Chingerezi mumachidziwa, amalume anafuna kuti inu muone kuti amachidziwa kuposa inu, ndipo anyezi amene anazulidwa ndi anga. Kenako munandimanga manja ndi kalata yanu yoti ine ndimadziwa khasu lokha. Nanenso mbali yanga ndili nayo, ndinakhulupirira galu.

Ndinapita kwa wa sitolo ya mbewu uja, wa folomu wanu. Ndisanamalize kufotokoza anakwera pampando n'kutsitsa kapaketi pashelefu yapamwamba. Pakapaketipo ajambulapo chofiira chomwechija, dzina lili pamwamba, d wake ali poyera. Akuti kakhala pamenepo zaka zitatu kopanda wogula. Kuchokera pakhonde pathu kufika pashelefu imeneyo ndi mapazi makumi asanu, ndawerenga pobwerera.

Ndinakagula n'kukaika pafupi ndi mbale ya amalume nthawi ya chakudya chamasana. Anakayang'ana nthawi yaitali, anakatembenuza, anakatalikitsa, anakayandikitsa. Kenako anati masiku ano ngakhale makampani akulemba ntchito anthu osaphunzira. Atameza anawonjezera kuti ngati pali vuto, ndiye ndi la magalasi amene mphwawo walephera kutumiza. Kalata yanu yapakabati aichotsa okha, msomali wokha ndiwo watsala.

Amayi ndawauza kuti phwando linayenda bwino, kungoti ulendo wina madokotala akufuna alaweko ndi zofiira zomwe. Anati anthu ophunzira ndi ovuta kuwamvetsa. Akufunsa za dzino.

Bambo wa nkhumba uja wabwera kawiri kudzafunsa ngati tili ndi zina.

Ndafesanso mabedi onse asanu ndi limodzi, njere zotsala m'kabotolo ndi za m'kapaketi. Simunanditume, ndiye musandiletse.

Mlongo wanu


9 Julayi

Mlongo wanga,

Malo aja anapita, madzi akatayika saoleka. Bzala anyezi ako. Usabwere kuno.

Ukabwera, usalowere khomo lakutsogolo, ndipo usafunse za wophika wamkulu.

Achimwene ako


2 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndafika bwino mumzinda, ine ndi madengu anga anayi, ngakhale adalaivala anakhalira limodzi pamene ankasintha tayala. Ndikhulupirira mawondo akupepuka. Amalume, muwerenge monga ndalembera, musakonze kanthu.

Hotelayi ndi yaikulu, amayi, mawindo ake sindinathe kuwerenga. Pansi pake m'powala moti ndinavula nsapato kuopa kudetsa, mlonda n'kundiuza kuti ndivale. Anandizungulitsa kukhomo lakumbuyo, kumene amalowera anthu ofunika kwenikweni, amene atapanda kubwera tsiku limodzi alendo onse angagone ndi njala.

Achimwene ndinawapeza ali pantchito. Ali ndi chipinda chawochawo, cha matailosi mpaka kudenga, chokhala ndi mipopi itatu, umodzi wa madzi otentha. Palibe wina amene amagwira ntchito mmenemo. Ndaona ndi maso angawa ophika ovala zoyera akubwera pakhomo pawo mmodzimmodzi, poto ali m'manja, n'kudikira kuti achimwene awalandire. Zimene analemba zija n'zoona, ndipo anachepetsako. Mapoto ndawerenga ndekha, alipo makumi anayi ndi awiri.

Pali bambo wina wa chipewa chachitali amene amagwira nawo ntchito limodzi. Anatenga chofiira chimodzi m'dengu langa, anachipukuta pamalaya, n'kuchitafuna chachiwisi m'maso muli gwa. Anatenganso china. Amalume, munthu ameneyu Chingerezi amalota nacho, ndipo ndinamupempha kuti atchule dzina lija katatu, pang'onopang'ono. Muli d.

Akufuna madengu anayi milungu iwiri iliyonse, chaka chonse. Akuti ndiyesenso mbewu zina zitatu zimene zikusowa mumzinda. Mayina ake sindinalembe, ndajambula zithunzi, ndipo mbali imene amadya ndaizunguliza ndi cholembera.

Alamulanso kuti chilichonse chochokera kudimba kwathu chizidutsa kaye m'manja mwa achimwene chisanafike kwa wina aliyense. Dzulo madengu onse anayi anawaona okha, chimodzichimodzi, ataimirira, mpaka zala zinachita makwinya. Ndinafuna kuwathandiza, anandikaniza. Munabereka munthu wolimba mtima, amayi, kuposa mmene mukudziwira.

Ndibwera Lachinayi ndi mafuta a mawondo komanso magalasi a waya. Madokotala a mano anabwerera kwawo kalekale, dzinolo tikachotsa kuchipatala chathu chomwecho.

Mwana wanu wamkazi


9 Ogasiti, kudzera kwa adalaivala

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira unafika bwino. Amayi andilembera masamba atatu. Akuti nkhani ya chipinda cha matailosi yafika kale kwa abusa, ndipo atelala akufunsa ngati mpopi wa madzi otenthawo ndimaloleza anthu wamba kuugwira. Amalume awonjezera pansi kuti magalasi atsopano awaonetsa kuti d wanga amaima ngati b, choncho mlandu ndi wanga ndithu.

Unachoka osanditsanzika bwino, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Unkaganiza kuti sindikumva zimene unkamuuza Chipewa pakhomo la sitolo, koma mpopi ndinali nditatseka. Unati madengu ako sabweranso pokhapokha achimwene ako ataima pamoto. Iye anati alimi ndi ambiri, koma munthu wotsuka poto mpaka kumadziona nkhope ali naye mmodzi yekha, ndipo sangamuchotse pasinki ngakhale zitavuta bwanji. Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikudikira kuti andiyamikire, ndipo tsiku limene wandiyamikira ndi limene wanditsekera chitseko.

Unatola mpango wako kuti uzipita. Ndikanakusiya, bwenzi tonse awiri tili chimanjamanja, n'chifukwa chake ndinatuluka thovu lili m'manja kudzakuuza pamaso pa anthu kuti uvomere. Usandikwiyire. Pamoto sindidzaimapo, ndavomereza, ndipo zikundiwawa, sindikunama. Koma palibe munthu anandimenyerapo nkhondo chonchija chibadwire, ndipo ophika aja chichokereni iwe asiya kugeya.

Amayi uziwauza zomwezo. M'kalata yako yonse ija sunaname ndi liwu limodzi lomwe, luso limene ine ndinalibe.

Pempho langa ndi limodzi. Madengu a pa 16 ukutumuleko dothi usanapakire, makamaka m'timizu. Wotsukayo ndimamudziwa, ndi munthu wachikulire, ndipo msana wayamba kumuvuta.

Achimwene ako